Ulendo wa ku Gurue

Pasipoti ya Malcolm inatuluka Lachisanu, ndipo pofika Loweruka masana anali ataionetsa kale kwa theka la anthu a pa Songani, kuphatikizapo wokazinga tchipisi amene sanapemphe n'komwe kuti aione.

"Bweretsa kuno isanagwere m'mafuta," anatero Jacinta akumulanda kabukuko. Anakatsegula, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ananso mwini wake. "Koma iwe, ankakujambula kapena ankakumanga? Maso onsewa?"

"Anati ndisaseke. Ine ndinangomvera lamulo."

"Ndiye ukafike nayo nkhope imeneyi kwa abale anga, akathawe onse."

Anali atakhala pa benchi kuseri kwa chiwaya, pomwe mphepo yozizira ya mu Julaye yochokera kuphiri sinkafika kwambiri. Jacinta Muhowa anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'chigwa cha Domasi. Malcolm, mlangizi wa zaulimi, anali naye pachibwenzi kwa chaka ndi miyezi iwiri, ndipo m'nthawi yonseyo anali asanamuonepo atatengeka ndi chinthu ngati mmene anatengekera ndi ulendo uwu. Kunali kutatsala masabata atatu kuti sukulu zitsekere tchuthi chachikulu.

Jacinta anatulutsa kope m'chikwama. Tsamba lonse linali lodzaza ndi inki yofiira, ya cholembera chomwe amachongera mayeso a ana.

"Tamvera. Lolemba loyamba la tchuthi tinyamuka pano dzuwa likungotuluka. Minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Muloza. Tikawoloka malire tigona ku Milanje. Kukacha tikwera ya ku Gurue. Ababa akuti kumeneko minibasi amaitcha chapa, ndipo imanyamuka ikafuna yokha."

"Ndiye ikusiyana pati ndi za pano?"

"Usandisokoneze. Kumudzi tikakhala masiku asanu, koma tsiku limodzi ndi la phiri. Ndikufuna ndikaime pansi pa Namuli ndi miyendo yangayi, ndikajambulitse, ndidzaonetse ana anga a kusukulu kuti aphunzitsi awo si munthu wongotola m'njira. Ali ndi kwawo."

Amayi ake a Jacinta, malemu Melissa, anamwalira zaka zinayi zapitazo asanapondepo dziko la Mozambique, kumene amayi awo anachokera ali kamtsikana. Ali gone m'chipatala anapempha amuna awo, bambo Julius, kuti tsiku lina adzapite naye mwanayu kwa agogo Perpetua, mng'ono wa amayi awo, yekhayo wa m'badwo umenewo amene anali adakali moyo. Chaka chino mdzukulu wina wa agogowo anapezeka pa WhatsApp, mauthenga anayamba kuyenda, ndipo Jacinta analumbira kuti tchuthi ichi sichidutsa.

"Malo ndi atatu," anapitiriza akuloza patsambapo. "Ababa, ine, ndi iwe. Kuntchito akupatsa tchuthi?"

"Asayina kale."

"Nanga amayi ako wawauza?"

Malcolm anayamba kufufuza m'mbale ya tchipisi ngati kuti china mwa izo chinali ndi dzina lake.

"Malcolm."

"Ndiwauza lero."

"Unatero sabata yatha."

"Lero ndi lero, Jacinta. Ndili ndi pasipoti tsopano, ndine munthu wa mayiko."

Jacinta sanaseke. Anamubwezera kabukuko, n'kutseka kope lake.

"Ine sindipita kwathu ndi mwamuna wozemba ngati wakuba nkhuku. Ukapita nane, upite amayi ako akudziwa kumene walowera."

*

Malcolm atafika kunyumba, kufupi ndi Domasi Mission, anapeza amayi ake, Mayi Agatha, ali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Pambali pawo panali Flora, mlembi wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, akusankha nawo ngati mwana wa pakhomopo. Masiku amenewa Flora ankapezeka pakhomopa kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ankafika Malcolm atatsala pang'ono kubwera.

"Mwaswera bwanji, a Malcolm?" anatero akukonza chitenje chake.

"Ndaswera, kaya inu."

"Wafika bwino," anatero Mayi Agatha osadzutsa mutu. "Flora wabwera ndi nkhani yabwino. Kwaya ikupita ku Livingstonia sabata yoyamba ya tchuthi, ndipo akusowa a besi. Dzina lako ndapereka kale."

"Ndakulembani nambala folo," anawonjezera Flora akumwetulira. "Mukhala mpando wa kutsogolo kuti miyendo isakupwetekeni. Ulendo wake ndi wautali."

"Amayi, kwaya ndinasiya chaka chatha."

"Pakhosi sipaiwala."

"Komanso sabata imeneyo ndili ndi ulendo wina. Ndikupita ku Mozambique ndi Jacinta ndi abambo ake."

Dzanja la Mayi Agatha linaima m'lichero. Nkhuku ina inapezerapo mwayi, inajompha mpunga, ndipo palibe amene anaiingitsa.

"Flora, mwana wanga, kaone ngati madzi aja awira."

Flora ananyamuka, koma ulendo wake unathera kuseri kwa chitseko.

"Ku Mozambique ukatani?"

"Kukaona kwawo kwa agogo ake."

"Kwawo. Ndiye akudziwa okha kuti kuno si kwawo." Anaika lichero pansi. "Malcolm, agogo ako aamuna anakhoma nawo mabenchi amene timakhalira m'tchalitchi muja. Malemu bambo ako anali mkulu wa mpingo zaka makumi awiri. Iwe lero ukufuna kunyamulira zikwama anthu obwera, Akatolika, kupita nawo kumene ngakhale moni wake sudziwa kuyankha? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati mwana wa Mayi Agatha wapita kukaona abale a mkazi amene akufuna kumukwatira."

"Mawu amenewo usawalankhulire pakhomo pano."

"Amayi, Jacinta anabadwira m'chigwa chomwe chino, ngati ine. Madzi amene anamusambitsa ali khanda ndi a mtsinje womwewu. Kubwera kwake ndi kuti?"

"Ndati kumeneko sukaponda. Mwana wanga sakaponda kumeneko ine ndili moyo."

Malcolm anawayang'ana amayi ake. Kenako analowa m'nyumba. Podutsa pachitseko anatsala pang'ono kugundana ndi Flora, amene ananamizira kufunafuna machesi. Za dzina lake pa mndandanda wa kwaya Malcolm sanazikumbukirenso.

*

Lamulungu masana Jacinta ankasita malaya a bambo ake pamene foni inalira. Nambala inali yachilendo. Choyamba kufika chinali chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja, mutu wake *Ulendo wa ku Livingstonia*. Pa nambala folo panali dzina la Malcolm. Pa nambala faifi panali la Flora.

Kenako unabwera uthenga.

*Achemwali, ndine Flora wa kwaya ya ku Mission. Ndangoti ndikudziwitseni ngati mkazi mnzanu, musamavutike kukonzera malo munthu amene ali kale ndi ulendo wake. Amuna amachita manyazi kunena zoona. Muyende bwino kwanuko.*

Jacinta anawerenga kawiri. Fungo la nsalu yotentha ndi limene linamukumbutsa kuti simbi idakali pa kolala. Anaichotsa, anaiimika bwinobwino, kenako analemba:

*Zikomo achemwali. Mukaimbe bwino.*

Anatenga kope lake lija ndi rula. Pa dzina la Malcolm anadutsitsapo mzere wofiira, wowongoka ngati wa pa mayeso. Kenako anatumiza uthenga wina.

*A Malcolm, malo anu ndachotsa. Mukanyamule juzi, ku Livingstonia kumazizira.*

Chiyambireni chibwenzi chawo anali asanamutchulepo kuti "a Malcolm". Foni inayamba kuitana nthawi yomweyo. Inaitana katatu. Kachinayi Jacinta anaizimitsa, n'kuiponya mu dirowa, n'kupitiriza kusita.

*

Bambo Julius anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde. Sabata yonseyo ankasoka diresi ya agogo Perpetua, yabuluu, ya manja aatali, muyeso wake atangouyerekeza pa chithunzi chimene chinabwera pa foni. Akatopa ankatsegula uthenga wa mawu wa agogowo, n'kumamvetsera Chilomwe chawo atatsinzina, milomo ikutsatira pang'onopang'ono.

Lolemba madzulo, dzuwa lisanalowe, anatenga kope la Jacinta kuti aonenso masiku a ulendo. Anatsitsa magalasi.

"Jacinta, mzere uwu wadutsa pa munthu."

"Ali ndi ulendo wina, ababa."

"Wakuuza yekha?"

"Ndaona pepala."

"Pepala limalembedwa ndi aliyense amene ali ndi cholembera. Iwenso si walemba apa?"

Jacinta anakhala pa mkeka, n'kuyamba kutola tizidutswa ta nsalu tomwe tinagwa pansi.

"Amayi ake satifuna. Kwa iwo ndife obwera. Aliyense akudziwa zimenezo."

"Nanga ndi zabodza? Tinabweradi." Bambo Julius anavula magalasi. "Apongozi anga, agogo ako, anayenda wapansi masabata awiri ali ndi zaka khumi, mtolo uli pamutu. Anafika m'dziko muno alibe ngakhale mkeka wogonera. Anamwalira ali ndi dimba la mpunga lomwe anthu ankabwera kudzaphunzirirapo kulima. Lero mdzukulu wawo ndi amene akuphunzitsa ana a anthu omwewo kuwerenga. Wina akakuti obwera, iwe uziti wawa, ndiye ife amene."

Jacinta anamwetulira ngakhale sankafuna.

"Koma ndinali ndi mawu anga," anapitiriza bambowo, "mzere wakowu wangonditsogolera. Mnyamata uja ndimamukonda. Amalonjera bwino, ndipo akakhala pansi sagwedeza mwendo. Koma tikafika kwa agogo ako akandifunsa kuti uyu ndi ndani, ndikayankha chiyani? Kuti ndi mnzake wa mwana wanga? Kumeneko mawu amenewo kulibe. Ngati akufuna kuyenda nafe, abwere ndi amalume ake, adzagogode pakhomo pano ngati anthu. Alongo a amayi ako anatha onse, ndiye mawuwo ndiwalandira ndine, n'kukawatula kwa agogo ako komweko. Eni ake a iwe ndi amenewo."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Ndiye kuti mzere wako unalondola. Tandipatsa ulusi wabuluuwo."

*

Lachiwiri ataweruka, Jacinta anadzera pa msika wa Songani kukagula zitenje zoti akapatse abale. Anali atangogwira chimodzi cha maluwa achikasu pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Kodi si aphunzitsi awa?"

Anali Mayi Agatha, Flora ali pambali atawanyamulira dengu. Jacinta anasiya chitenje, anapinda mawondo, n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera. Ndamva muli pa ulendo."

"Eya amayi, tikupita kukaona abale."

"Zabwino zimenezo. Munthu aliyense azidziwa kwawo. Mwina mukakakonda mukangokhaliratu komweko."

Flora anaseka atagwira pakamwa. Wogulitsa nsalu anasiya kupinda katundu wake, ndipo amayi awiri a tomato a pafupi anasiya kuitanira malonda.

Jacinta anaimirira bwinobwino. Sanakweze mawu.

"Kwathu ndikukudziwa, amayi, ndipo ndili nako kuwiri. Kumene ndikupitako ndi kumene anachokera agogo anga. Kuno ndi kumene kuli manda awo, ndi a amayi anga. Munthu sasiya manda a amake chifukwa wina watopa kumuona."

"Kwanuko akuluakulu mumawayankha chonchi?"

"Kwathu anatiphunzitsa kugwada, ndipo ndakugwadirani. Chimene sanatiphunzitse ndi kuchita manyazi ndi dzina lathu. Ndine Mlomwe, amayi. Mwana wa Melissa, mdzukulu wa mkazi amene anayenda wapansi kuchokera ku Namuli. Mwana wanu sindinamube, komanso sindinamumange chingwe. Akafuna ku Livingstonia apite, akaimbe. Koma akafuna ine, adzabwera masana, anthu akuona."

"Wanena mwanayu," anatero mmodzi wa amayi a tomato aja, ngati akulankhula ndi tomato wake.

Mayi Agatha anangokoka dengu m'manja mwa Flora ngati kuti ndi limene lawalakwira.

Jacinta anatembenukira kwa wogulitsa nsalu, anasankha zitenje zitatu mosafulumira, chachikasu chija ndi zina ziwiri, n'kudikira kuti azikulunge. Pochoka anaima pamaso pa Flora.

"Achemwali, nambala yanga ija muisunge bwino. Tsiku lina mudzafuna kundifunira mafuno abwino."

Anapindanso mawondo kwa Mayi Agatha, n'kudutsa pakati pa mabenchi mutu uli m'mwamba. Sanacheuke mpaka anafika pa siteji.

*

Lachitatu Jacinta anapeza Malcolm atamudikirira pa mlatho wa panjira ya kwawo, atatsamira njinga yake yamoto.

"Masiku atatu, Jacinta. Foni yako inamira mumtsinje?"

"Mwaswera bwanji, a Malcolm?"

"Usanditero. Tangowerenga ichi, kenako undidutse ngati ukufuna."

Anamupatsa foni. Linali gulu la kwaya pa WhatsApp, la anthu oposa makumi anayi, mayi busa ali momwemo. Uthenga wa Malcolm unali wa Lamulungu masana, mphindi zochepa chilandirireni wa Jacinta uja.

*Abale, dzina langa linalembedwa ine ndisakudziwa, chonde lichotsedwe. Sabata imeneyo ndidzakhala ndili ku Mozambique ndi bwenzi langa Jacinta Muhowa ndi abambo ake. Muyende bwino.*

Pansi pake wina anaika chizindikiro cha moto, wina cha manja owomba.

"Unatchula dzina langa lonse?"

"Ndi la bambo ako lomwe. Ndinalakwa kusachotsetsa dzina lija tsiku lomwelo, zimenezo ndikuvomera. Koma iwenso unandiweruza osandimva."

Jacinta anayang'ana madzi akudutsa pansi pa mlatho. Kupepesa sichinali chinthu chimene ankachidziwa bwino.

"Ndinafulumira," anatero pomaliza. "Pang'ono."

"Pang'ono!" Malcolm anaseka. "Za pa msika ndamva. Songani yonse ikukamba za iwe."

"Amayi ako andida tsopano."

"Ankakuda kale. Tsopano akukulemekeza, kungoti sakudziwa okha."

Anayamba kuyenda limodzi, Malcolm akukankha njinga. Jacinta anamufotokozera mawu a bambo ake, onse, osachotsapo. Ankayembekezera kuti aona nkhope ija ya munthu wofufuza m'mbale, koma Malcolm anangoima n'kutukula chifuwa.

"Bambo ako achedwa. Ine Lolemba ndinali kale ku Malosa kwa amalume Nickson. Akuti abwera Loweruka m'mawa."

"Unapita usanamve za ababa?"

"Unati supita ndi wakuba nkhuku."

"Nanga amayi ako?"

"Amalume akuti mlongo wawo alankhula naye okha, zikatha za Loweruka."

Jacinta anatsegula chikwama, anatulutsa kope lija, n'kulembanso dzina la Malcolm pamwamba pa mzere wofiira.

"Bwanji ndi pensulo?"

"Inki idikire amalume ako."

*

A Nickson anafika Loweruka cha m'ma naini, atakwera kumbuyo kwa njinga ya mphwawo, atavala jekete yotuwa ndi chipewa. Anali bambo wamtali wa imvi, woseka ndi thupi lonse. Bambo Julius anali atatulutsa mipando yabwino, makina osokera atawafunditsa nsalu. Jacinta anabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika, anagwada, n'kubwerera m'nyumba, koma zenera analisiya lotsegula. Malcolm anakhala chapambali pa kampando, manja ali pamawondo.

Atatha kulonjerana ndi kudandaula za kuzizira, a Nickson anavula chipewa.

"Bambo Muhowa, sitinabwerere tiyi, ngakhale ndi wokoma. Kwathu kuli tambala amene wasiya kudya. Titafufuza tapeza kuti waona msoti pakhomo pano."

"Msoti ulipo," anayankha bambo Julius, nkhope ili yowala. "Koma tiufunse wokha. Jacinta!"

Jacinta anatuluka, n'kugwada pakhomo.

"Munthu ali apayu ukumudziwa?"

"Ndikumudziwa, ababa."

"Mawu ake tiwalandire?"

"Alandireni."

A Nickson anawomba m'manja, akuseka mpaka kutsokomola. Bambo Julius anafotokoza kuti iwo ndi wongosunga, eni ake a mwanayu ali kutsidya, ndipo mawuwo akawatula komweko mnyamatayo ali pomwepo. A Nickson anati ndi mmene zimayenera kukhalira. Jacinta anawathirira tiyi wina, ndipo pothira anaba maso n'kuyang'ana Malcolm, amene ankamwetulira ngati wapambana mpikisano.

"Ndiye ulendowu ndi wa m'tauni ya Gurue momwemo?" anafunsa a Nickson akunyamula kapu.

"Ayi, tikafika timapitirira. Ndi kamudzi kena m'munsi mwa phiri. Amati kwa Mukhopola."

Kapu ija inaima isanafike pakamwa.

"Mwati kwa ndani?"

"Kwa Mukhopola."

A Nickson anaika kapu pansi pang'onopang'ono, tiyi n'kutayikira pa mbale. Kuseka konse kunali kutawachoka. Anayang'ana Malcolm, anayang'ana Jacinta, kenako anayang'ana chipewa chawo.

"Amalume, zatani?" anafunsa Malcolm.

"Pali nkhani imene ine ndi amayi ako tinagwirizana kuti tidzapita nayo kumanda," anatero mwapansipansi. "Agogo ako, amayi athu malemu Dina, anthu onse ankawadziwa ngati mwana wa banja lina la pa Mission. Sanali mwana wawo wobereka. Anasiyidwa pachipatala ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akudwala kwambiri, makolo awo ali pa ulendo wokafuna ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo. Atachira banja lija linawatenga, linawapatsa dzina la Dina, n'kuwaletsa chinenero chawo mpaka anachiiwala. Anatiuza ine ndi Agatha atatsala masiku awiri kuti amwalire. Ankakumbukira zinthu ziwiri zokha. Dzina lawo lakale, Muhaniwa, ndi dzina la mudzi wawo. Ndi limene mwatchulali."

Malcolm anaimirira. "Mukutanthauza kuti agogo anali Mlomwe? Ndipo amayi akudziwa?"

"Akudziwa. Khala pansi."

Koma bambo Julius sankamva za amayi ake a Malcolm. Anali atagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri.

"Apongozi anga," anatero, "anali ndi mng'ono wawo amene anasiyidwa pachipatala m'njira. Makolo atabwerera kudzamutenga patapita miyezi, anauzidwa kuti mwanayo kulibe, mwina anamwalira. Pambuyo pake makolowo anabwerera ku Mozambique, koma apongozi anakana kupita nawo. Atakwatiwa anaumirira kudzakhala m'chigwa muno. Ankati mng'ono wanga ali kuno, tsiku lina ndidzakumana naye pa chigayo."

"Dzina lake?" anafunsa a Nickson.

"Sankalitchula. Akayesa ankalira."

Jacinta anali adakali chogwada, ketulo ili m'manja. Anaiika pansi mosamala kwambiri.

"Ababa, ngati ali munthu mmodzi yemweyo?"

Bambo Julius sanamuyang'ane. Anayankha ndi a Nickson.

"Ndiye kuti agogo ako ndi agogo ake a Malcolm anayamwa bere limodzi. Amayi ako ndi Agatha, mkulu ndi mng'ono. Inu awiri, munthu ndi mlongo wake. Ukwati pamenepo palibe."

"Mudzi umodzi ungathe kutaya ana awiri," anatero Malcolm mofulumira. "Anthu ankabwera ambiri nthawi imeneyo. Tiimbe foni pompano, agogo Perpetua atiuze dzinalo."

"Mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu sungamufunse pa foni za mbale wake amene anamulira kale maliro," anatero bambo Julius. "Ungamuphe nazo. Nkhani imeneyi ikanenedwa titakhala pa mkeka umodzi."

"Ndipo Agatha ayenera kukhalapo," anawonjezera a Nickson. "Iye ndi nkhope ya amayi yeniyeni, ine ndinatengera bambo. Agogowo akangomuona, funso silifunikanso. Mmene ndikamuuzire sindikudziwa." Anavala chipewa, n'kuchivulanso. "Bambo Muhowa, mawu amene ndabwera nawo aja, asungeni kaye. Musawabweze, komanso musawatule."

Akuluakuluwo anatsala pakhonde akulankhula motsitsa mawu. Jacinta anasonkhanitsa makapu n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Malcolm anamutsatira. Anamupeza ataima pafupi ndi thandala, msana uli wowongoka, maso ali ouma.

Anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa monga mwa masiku onse. Dzanjalo linaima m'malere. Jacinta analiyang'ana, sanalilandire, komanso sanalikane.

"Ndizikutchula ndani tsopano?" anafunsa Malcolm.

"Jacinta," anayankha. "Zinazo tikazimva ku Gurue."